Maso Anga Ankakhala Kumapazi

Tadala, taika foniyo pansi. Ndakuitana mpaka nkhuku za aneba zayankha, iwe uli duu. Ukuti sunamve? Nanga bwanji foni ya Chisomo ikangolira kuchipinda uko khutu lako limaimirira nthawi yomweyo? Usagwetse nkhope, mkazi wanga wamng'ono, sindikukukalipira ayi. Matenda amenewa unatengera kwa ine. Kusiyana kwake n'kwakuti iwe maso ako amakhala m'manja, pamene anga ankakhala pansi, kumapazi a anthu. Senderani kuno nonse, ana inu, ndikuuzeni mmene maso angawa anatsala pang'ono kundimanitsa agogo anu aakazi.

Ine ndinabwera m'tauni muno kuchokera ku Dedza ndili kamnyamata kopanda ndevu. Ndinafikira ku Kawale kwa malume anga a Yohane. Kawale wa nthawi imeneyo sanali wothithikana ngati wa leroyu. Pakati pa nyumba ndi nyumba pankakhala kamunda ka chimanga, ndipo dzinja likafika munthu unkatha kusochera popita kuchimbudzi. Ntchito yanga yoyamba inali yopolisha ndi kusoka nsapato. Zida zake zonse zinkakwana m'kabokosi kamodzi: bulashi, polishi wakuda ndi wofiirira, kansanza, singano yosula ku sipokosi ya njinga, ndi ulusi wosolola m'tayala lakutha. Guluu anali wa anthu olemera. Inu lero nsapato ikangoyasamula pang'ono mumati yatha, agogo tigulireni ina. Ife nsapato inkafa kangapo n'kumauka.

Tsono wopolisha nsapato amakhala pansi tsiku lonse. Anthu akamadutsa, chimene chimayamba kufika kwa iye ndi mapazi. Nkhope zili kumwamba uko, zilibe naye ntchito, chifukwa nkhope siifuna polishi. Pang'onopang'ono ndinayamba kudziwa anthu kuyambira pansi. Jombo zodyeka mbali imodzi, amenewo ndi alonda a kusitolo ya mmwenye. Nkhwayira zodula kutayala, bambo wa makala wochokera ku Njewa. Sofiya, nsapato zapulasitiki zija zinkawotcha mapazi mu Okotobala, atsikana akwaya. Nditakwera udindo n'kuyamba kugulitsa nsapato za kaunjika pabenchi yangayanga, maso anakana kukwera nane. Munthu akadali chapatali ndinkamukuwira kale kuti, "Bwana, seveni yanu ilipo!" Anthu anasiya kunditchula dzina la ubatizo. Mpaka lero mukapita kumsika wa Kawale n'kufunsa za a Sayizi, achikulire akulozerani pamene panali benchi yanga.

Musaseke, si ine ndekha. Pafupi ndi benchi yanga panali telala wina wa ku Mangochi, Che Jafali. Iyeyo ankaona mapewa ndi matumba ong'ambika basi. Wometa wa kuseri kwathu ankadziwa anthu ndi nkhongo. Tsiku lina galimoto ya nkhuni inagubuduzika pamsewu, tonse tinathamangirako. Pobwerera, Che Jafali akuti dalaivala anavala jekete lomukulira, wometa akuti anali ndi dazi, ine ndikuti anali ndi nsapato imodzi yokha. Atatifunsa mtundu wa galimotoyo tinangoyang'anana. Tonse tinaima malo amodzi, koma aliyense anabwerako ndi ngozi yakeyake. Iwenso Takondwa, chaka chija unkalirira njinga, sunkati Area 23 yense wadzaza njinga? Zinalipo kale, mwamuna mnzanga. Njala yako ndi imene inazitulutsa poyera.

Makutu nawonso ndi chimodzimodzi. Mumsika Loweruka mumakhala phokoso loti sungamve ngakhale m'mimba mwako mukulira. Mawayilesi, ogulitsa usipa, mlaliki, ana. Koma wina akangonong'oneza mnzake kumapeto kwa mzere kuti "tikaoneko nsapato," ine ndinkamva ngati wandiuzira m'khutu. Malume akandiitana kuti ndikatunge madzi, ali pompa, ndinali gonthi.

Pa malonda zimenezi zinkandithandiza. Kunenerera si kukuwa ayi, ndi kuyendetsa maso a munthu. Nsapato ikakhala yodyeka kuchidendene, umaigwira chakumbuyoko, kutsogolo utakuwalitsa ngati galasi, pakamwa pasakuuma. Umamufunsa kasitomala za kumudzi, za mvula, za timu yake. Munthu sangamvetsere nkhani yokoma n'kumayendera chidendene nthawi imodzi. Sindinkanama, ana inu. Chidendene chinalipo, maso anali nawo. Ndiponso kasitomala amene waikonda nsapato saiyang'ana, amayang'ana ina, n'kumafunsa mtengo wa inayo mokweza mawu. Iwe umangoona kumene chala chake chaphazi chaloza.

Nzeru zonsezi zinagwira ntchito mpaka tsiku limene pabenchi yanga panaima timapazi tiwiri ta sayizi faifi, tovala patapata wobiriwira, wina womangidwa ndi waya. Unali mwezi wa Juni, kukuzizira, fumbi lili mbuu. Dzanja linatsika n'kunyamula nsapato zofiira zimene ndinaziika patsogolo.

"Achemwali, mwasankha ngati munthu wophunzira," ndinatero. "Chikopa chenicheni chimenecho, cha kunja."

"Cha ng'ombe yofa ndi njala?"

"Aa, achemwali! Kwanu n'kuti kodi? Kalankhulidweko ngati kwa ku Ntcheu. Mbatata zachita bwanji chaka chino?"

"Mbatata zili bwino. Tachotsani chala apo ndione chidendene."

Ndinachotsa. Anaitembenuza, anaipinda, anainunkhiza, kenako anatchula mtengo woti ndikanakhala ndi mtima wofooka mukanakhala opanda agogo. Tinalimbana mpaka Che Jafali anaimitsa makina kuti amvetsere. Mtsikanayo anachoka, ndinamuitana. Anabwerera, ndinakweza pang'ono, anachokanso. Pomaliza anatenga nsapatozo pa mtengo wake, n'kundiuzanso kuti ndimuikire zingwe zatsopano za banyira. Che Jafali anati, "Sayizi, lero wagulitsidwa ndiwe." Ameneyo anali Estere, agogo anu aakazi, Nangozo amene akusankha nyemba pakhondepo n'kumachita ngati sakumva.

Kuyambira pamenepo nsapato zofiira zija ndinkaziona zikadali kumpopi. Ankakhala ku Biwi kwa malume ake, koma tomato ankadzagula ku Kawale, ngati ku Biwi kulibe tomato. Ndinayamba kumuperekeza, kudutsa ku Mchesi, benchi nditamusiyira Che Jafali. Inu lero mumajambulana nkhope tsiku lonse, kukulitsa ndi zala mpaka kuwerenga ziphuphu. Ife kuyang'anitsitsa mtsikana m'maso kunali kupanda mwambo. Iye ankayenda akuyang'ana kumbali, akubudula masamba m'njira, ine ndikuyang'ana pansi. Pansipo ndiye panali kwathu. Nkhope ndinkaidziwa, musandiyese chitsiru, koma ndinkaipeza pambuyo, mapazi atandiuza kale kuti ndi iyeyo.

Tsoka linabwera Lamulungu lina. Ndinkathamangira ku Mchesi kukaona nsapato zimene wina ankagulitsa mopupuluma. Panjira yopapatiza ndinakumana ndi bambo wa jombo zakuda ndi mayi wa nsapato zoyera zansalu, zija amavala akwaya. Ndinati, "Pepani, ndidutse nawo," n'kudutsa pakati pawo. Ndinaonanso kuti zoyerazo zikumukulira mwiniwake, ndipo ndinamumvera chisoni.

Anali Estere, atabwereka nsapato za mnzake. Bamboyo anali malume ake, a Samisoni, kalipentala wa ku Mchesi, munthu amene akafuna kuona ngati thabwa lili lowongoka ankatsinzina diso limodzi. Anali atangouzidwa kumene kuti, "Malume, uyo akubwera apoyo ndiye munthu uja."

Malume anga a Yohane atapita kukagogoda ku Biwi monga ankhoswe, anabwerako atanyowa ndi thukuta. Anakhala pampando, anavula chipewa, n'kundifunsa.

"Iwe, unadutsa pakati pa mkazi ndi malume ake ngati ukudutsa pakati pa mbuzi?"

"Anasintha nsapato, malume."

"Usadzayankhulenso mawu amenewo pagulu. A Samisoni akuti iwe sufuna mkazi, ukufuna katundu. Akuti munthu wosadziwa nkhope ya mwana wawo adzabwera ndi mkazi wina kunyumba osazindikira. Chinkhoswe alola, koma akuti ukakalephera kumuloza mtsikanayo pamaso pa anthu, unyamule tambala wako, ndipo Estere akwera basi ya ku Ntcheu sabata yomweyo."

Sanali kuseka a Samisoni. Kumudzi kunali kale mnyamata wina wa ngolo ndi ng'ombe zake amene ankamufunsira.

Ndiye ndinayamba sukulu ya nkhope. Ndinkakhala pabenchi nditadzutsa khosi, aliyense wodutsa ndikumuyang'ana m'maso kuti gaa. Ana inu, nkhope za anthu n'zambiri! Ndinadabwa kuona kuti mlonda wa jombo zodyeka uja ali ndi diso limodzi, ndipo ndinali nditamusokera nsapato kuyambira ndili wopolisha. Ndinapeza kuti pamwamba pa msika pali mtengo waukulu wa mthethe umene unkandipatsa mthunzi masiku onsewo. Koma malonda anaima. Mayi wina anandifunsa kuti, "Bambo inu, ndinakudyerani chiyani?" Mwamuna wina anavula jekete kuti timenyane. Che Jafali anandichonderera kuti ndibwerere pansi ndisanathamangitse makasitomala ake.

Amene anandimasula ndi malume anga omwe. Tsiku la chinkhoswe litayandikira anafika kunyumba akumwetulira. "Mphwanga, tavutika chabe. Waiwala mwambo? Pachinkhoswe mkazi amabwera atamufunditsa chitenje kuyambira kumutu, ndipo amayamba abweretsa ena onamizira. Chimaoneka n'chiyani?"

"Mapazi!"

"A Samisoni atchera msampha wa mbewa n'kuikamo mphaka."

Tinaseka mpaka akazi awo anatuluka kudzaona. Sukulu ya nkhope ndinaitsekera pomwepo.

Tsikulo linali Loweruka lotentha la mu Okotobala. Kuseri kwa nyumba ya a Samisoni anamanga chisakasa cha masaka, akuchikazi mbali iyi, akuchimuna mbali iyo. Tambala wathu anali m'manja mwa malume, akupuma ndi kukamwa. Panali malichero, mtondo, khasu, nkhwangwa, zonse zopatsana pa mwambo. Ine ndinavala suti yobwereka kwa Che Jafali, ya kasitomala amene anachedwa kudzatenga. Kumapazi ndinavala nsapato yabwino kuposa zonse za pabenchi yanga, yakuda, yosongoka, imene ndinkayembekeza kuigulitsa Lolemba kwa kalaliki wina. Ndinkayenda ngati ndikuponda mazira.

Amayi anayamba nyimbo, ndipo anatulutsa woyamba atamufunditsa. Kumapazi, nsapato zofiira zija. A Samisoni anatsinzina diso limodzi.

"Alamu, mkazi wanu ndi ameneyu?" anafunsa mayi wotsogolera nyimbo.

Ndinayenda mozungulira ngati ndikugula mbuzi. "Nsapatozi ndikuzidziwa, ndinaluza nazo ndine. Koma phazili lasefukira ngati mtanda wa mandasi. Ndipo mang'a awa si a chaka chino. Amayi, pepani, nsapato za mwana zikupwetekani, vulani mupume."

Anavundukula. Anali azakhali ake a Estere, akuseka mpaka misozi. Nthungululu! Ine mapewa anakwera. Pamenepo mayi wina wogawa thobwa anafika chakumbali kwanga, chitenje chake chikukwekwesa pansi, n'kundipatsa kapu. Ndinalandira osatembenuka, maso ali pakhomo potulukira wachiwiri. Anthu anaseka kwambiri. Ndinati mumtima, lero nthabwala zanga zikugwira.

Wachiwiri anabwera wopanda nsapato, akudzigwedeza m'chiuno monyanyira. Sindinadikire n'komwe kufunsidwa. "Uyu ndi naini. Chala chachikuluchi chinathyokera pa mpira. Achimwene, mukafuna jombo mudzandipeze Lolemba." Anali msuweni wake wa Estere, mnyamata wa ndevu zake. Bwalo lonse linagwa. Mayi wa thobwa uja anabweranso kudzawonjezera m'kapu mwanga, ndipo ulendo uno anaima kutsogolo kwanga penipeni.

"Zikomo mayi, koma tasunthani pang'ono, mukunditchinga," ndinatero, ndikusuzumira kumbali kwake.

Kuseka kwa anthu ulendo uno kunali kwa mtundu wina. Amayi ena anagona pamphasa. Azakhali aja ankamenya pansi ndi nsapato yofiira. Malume anga anayamba kutsokomola mwachilendo, koma ndinaganiza kuti gaga wa thobwa wawatsamwa.

Wachitatu atatuluka, a Samisoni anaimirira ndi kukweza dzanja. Nyimbo inaduka.

"Wofunda ndi yekhayu, wina kulibe," anatero. "Mwana wathu ali pabwalo pano. Mutiloze, bambo. Mukaphonya, tambala wanu akadali moyo, mubwerera naye."

Ndinanjuta. Mapazi a mtsikana, opanda nsapato, sayizi faifi. Zala zake zomwezo, chachiwiri chotalikirapo pang'ono. Akakolo omwewo. Koma china chake sichinkakhala bwino. Estere akaima amatsamira mwendo wamanzere, uyu anaima mofanana ngati msilikali. Mwina ndi mantha? Ndinkadziwa kuti ali ndi mng'ono wake kumudzi, koma ndinali ndisanamuonepo. Thukuta linayamba kuyenderera m'suti ya eni. Ndinazungulira, ndinayang'ana zidendene, ndinabwerera kutsogolo. Bwalo linali zii, kumangomveka tambala. Ndinaganiza za basi ya ku Ntcheu, ndi mnyamata wa ngolo uja akudikira pasiteji. Wofunda ndi yekhayu, ndiye angakhalenso ndani? Ndinaimirira, ndinakweza dzanja kuti ndiloze, ndinatsegula pakamwa.

Pamenepo china chake chinatera pa phazi langa. Chidendene cha gogoda, chosongoka ngati msomali, ndi thupi lonse la munthu pamwamba pake. Pa nsapato ya kalaliki!

"Mayi inu!" ndinakuwa. "Kodi simuona?"

Ndinadzutsa mutu kuti ndimuone bwino wondiwonongera katunduyo. Anali ataima ndi jagi ya thobwa m'manja, wosafunda kanthu, duku lachikasu kumutu, nkhope yonse ili poyera ngati mwezi.

"Ine ndikuona," anatero Estere. "Kaya inu."

Ana inu, phokoso limene linabuka pamenepo anamva ku Kawale. Dzanja langa lija linali likadali m'mwamba, ndiye ndinangolitembenuza. "Ndi uyu! A Samisoni, ndi uyu!" Wofunda uja anataya chitenje, analidi mng'ono wake, agogo anu aang'ono a ku Area 25 aja, ndipo mpaka lero akandiona amandibisira mapazi.

A Samisoni anakuwa kuti, "Zachinyengo! Estere, tinapangana kuti usamuyankhule!"

"Sindinayambe ndine, malume. Ine ndinangopunthwa. Amene wayamba kuyankhula ndi iyeyu."

"Kupunthwa kotani kochita kusankha phazi?"

"Gogodayu ndi wobwereka, malume. Sindinamuzolowere."

Malume anga anaimirira msangamsanga n'kunena kuti mnyamata waloza, anthu onse aona, ndipo tambala watopa. Amayi anali atayamba kale kuvina. A Samisoni anandiyandikira, anatsinzina diso lija, anandiyeza kuyambira kumutu mpaka kunsapato yobooka.

"Tembenuka, yang'ana uko," anatero. Ndinatembenuka. "Tandiuza, mwana wathuyu ali ndi kachipsera pankhope. Kali mbali iti?"

Kachipserako ndinali ndisanakaonepo. Koma munthu wa pamsika sanena kuti ndilibe, amanena kuti mubwere mawa.

"Malume, katundu wabwino sayenderedwa mothamanga. Ndipatseni nthawi ndimuyang'ane bwinobwino, ndidzakuyankhani."

"Nthawi yochuluka bwanji?"

"Tiyambire zaka makumi asanu."

"Wapenga! Chaka chimodzi."

"Malume, mukundipha. Makumi anayi, ndipo nsapato zanu ndizisoka ulere."

Anayesa kulimbitsa nkhope koma masharubu anawapereka, anayamba kunjenjemera. Anatembenukira kwa a Yohane n'kunena kuti, "Bweretsani tambalayo. Chitsiruchi chikapita kwina chikavutitsa anthu osalakwa."

Madzulo ake, anthu akubalalika, ndinakhala naye pa mtondo watsopano uja n'kumuyang'ana, iye osathawitsa maso. Kachipsera kali pamwamba pa nsidze yamanzere, anagwa mumtengo wa mapichesi ali mwana. Ndinapezanso kuti akafuna kuseka mphuno imayamba ndiyo, pakamwa pamabwera pambuyo. Taonani panopa, ikuchita. Mwaiona?

Nsapato ija kalaliki anaikana, bowo lake linkalowa chala. Pa nsapato zonse zimene zinadutsa m'manja mwangamu, ndi yokhayo imene ndinaluza popanda kudandaula ngakhale pang'ono.

Mukuti chiyani, Nangozo? Ndinadandaula mwezi wathunthu? Aa, musawamvere agogo anuwo, ana inu, nyemba zawasokoneza. Anali masabata atatu okha.